Khoma la Kumutu kwa Bedi

Chipinda chogona chimakhala ndi makoma anayi, koma loti khoma ndi limodzi, la kumutu kwa bedi. Munthu akatsekula chitseko maso ake amafikira pamenepo. Atatu enawo amawaona pofunafuna pokoleka jekete. Ndiye tsiku limene bwana wathu, Monsieur Thibaudeau, anatenga choko n'kulemba dzina la Apolline pakhoma limenelo, langa n'kulilemba pa atatu otsalawo, m'makutu mwanga munachita kutentha.

"Atatu, Solène," anatero bwanayo osandiyang'ana n'komwe. "Iwe atatu, mnzako limodzi. Ukufunanso chiyani, denga?"

"Ndikufuna limene mwamupatsalo, bwana."

"Mnzakoyu waphunzira zimenezi ku Paris zaka zinayi."

"Ine ndaphunzira zaka zisanu pamakwerero anu."

"N'chifukwa chake ndakupatsa atatu. Iwe sungagwe."

Anaseka yekha n'kupita kukayatsa mbaula.

Ine bwanayu anandipeza ku Angers ndikupenta masitepe a nyumba zosanja, mtundu umodzimodzi kuyambira pansi mpaka kumwamba. Mbalame ndinaphunzirira pa makatoni, ndikumabera dzanja lake akamajambula. Palibe anandikhazika pansi n'kundiuza kuti phiko limayambira apa. Apolline anabwera mu Januwale ndi chikwama chachikulu cha zojambula zake komanso ovololo yoyera mbee, yopanda dontho ndi limodzi lomwe. Mwezi wachitatu usanathe, khoma la kumutu kwa bedi linali lake.

Nyumbayo inali ya Madame Rabouin, mayi wamasiye amene anagula chinyumba chakale cha wogulitsa vinyo kuseri kwa Saumur. Ankafuna chipinda chake chikhale monga ankagonera akuluakulu akale: makoma ogawidwa m'mafelemu ojambula ooneka ngati osema, m'kati mwake nthambi za mapichesi zili ndi maluwa, ndi mbalame. Penti wa m'sitolo anamukana. Ankafuna wa guluu.

Penti wa guluu timaphika tokha. Guluu wa zikopa amasungunuka m'poto woviikidwa m'madzi otentha, n'kuthiramo ufa wa choko, kenako ufa wa mitundu pang'onopang'ono ndi supuni. Amanunkha ngati msuzi wa mafupa wogonetsa. Akauma sawala, amakhala wofewa m'maso, ndipo ukamupaka madzi ofunda amachoka yense ngati sanakhalepo. Koma ali ndi khalidwe limodzi limene aliyense wogwira ntchitoyi amalidziwa ngati dzina lake: akakhala wamadzi amaoneka wakuda, akauma amayera kwambiri. N'chifukwa chake usanapake pakhoma umadontheza pang'ono papepala, n'kuumitsa ndi makina oumitsira tsitsi, n'kuyerekeza. Makinawo amakhala m'bokosi la maburashi. Palibe wa ife anaumitsirapo tsitsi.

Khoma la Apolline linali ndi chinyontho. Womanga analigumula n'kulimata mwatsopano, ndipo linafunika masabata atatu kuti liume. Masabata amenewo ine ndinathera pamakwerero. Ndinapaka makoma anga atatu mtundu wa pansi, wotuwa mobiriwirako ngati tsamba la kabichi, umene Madame anasankha yekha papepala. Ndinajambula mafelemu, ndinakwezamo nthambi, ndinakhazikapo mbalame makumi awiri ndi zitatu. Aka kanali koyamba bwana kundilola kujambula mbalame pakhoma la kasitomala iye osabwera pambuyo kudzakonza maso ndi milomo. Anaima kumbuyo kwanga tsiku lina nthawi yaitali, n'kungoti, "Hm," n'kuchoka. Kwa Monsieur Thibaudeau "hm" ndi mphatso ya Khirisimasi.

Nanga Apolline? Iye anali patebulo pafupi ndi zenera, kujambula papepala nkhunda ziwiri zodzakhala pamwamba pa bedi, kufufuta, kujambulanso. Cha m'ma teni Madame ankabwera ndi khofi.

"Mademoiselle Apolline, shuga mmodzi ngati dzulo?"

Ine wanga ankamusiya pansi pa makwerero. "Ndi wa mtsikana uja," ankatero, ngati ine ndili kutali ku Marseille.

Tsiku lina anaima pansi pa mpheta zanga zitatu zolimbirana duwa, anagwira pachifuwa.

"Koma Mademoiselle, dzanja lanu! Zikungokhala ngati ziuluka."

"Si zanga izo, Madame," anatero Apolline. "Zonsezi ndi za Solène. Ine sindinakhudzebe khoma."

"Oo," anatero Madame, n'kundiyang'ana mwachidule. "Mukumuphunzitsa bwino."

Chimene chinandiwawa kwambiri si mawu a Madame. Ndi kuona mtima kwa Apolline. Akanakhala wakuba ntchito za anzake ndikanadana naye mwamtendere. Koma ayi, ankandipatsa zanga ngati munthu wokhuta akugawa mkute, chifukwa ankadziwa kuti khoma lenilenilo ndi lake. Ngakhale buledi wake wa nkhomaliro ankadula pakati n'kundipatsa mbali yokhala ndi tchizi wambiri. Ndinkadya ndithu.

Bwana ali ndi lamulo lake limene amalinena pafupifupi tsiku lililonse: chipinda ndi dzanja limodzi. Ojambula akhale asanu, wolowa asadziwe kuti apa panathera uyu, apa panayambira uyo. Sitisaina. Lamuloli ndi labwino kwa munthu amene dzina lake lili kale pagalimoto ya kampani.

Lachisanu la sabata yachitatu khoma linauma, ndipo tsiku lomwelo dzino la bwana linakana kudikira. Anafika m'mawa tsaya lili tutumu, akuyankhula ngati wavumata dzira.

"Ndikupita ku Tours akalichotse. Pakani mtundu wa pansi lero, uume pofika Lolemba. Solène, umuthandize mnzako kusakaniza."

Galimoto itangotuluka pageti, Apolline anakwinya manja a ovololo.

"Usavutike, mnzanga, maliza nthambi zakozo. Khoma langa ndiyenera kuliyamba ndekha."

"Ukudziwa kasakanizidwe kake?"

"Zaka zinayi, Solène. Ngati pali chimene anatiphunzitsa ndi kufananitsa mitundu." Anaseka. "Mphunzitsi wathu ankatipatsa tsamba louma, kuti tilipange ndi penti mpaka iye asasiyanitse."

"Penti wanji?"

"Wamafuta."

Ndinakwera makwerero anga, burashi m'manja, koma maso anali pansi.

Anasungunula guluu bwinobwino, pamenepo sindingamunamizire. Anathira choko. Kenako anayamba kuthira mitundu, supuni imodzi, kutakasa, kuviika kamtengo, kupita nako pakhoma langa louma n'kuyerekeza. Kubwerera, supuni ina, kutakasa, kuyerekezanso. Penti wamadzi pafupi ndi penti wouma. Bokosi la maburashi linali pomwepo pafupi ndi phazi lake, chingwe cha makina oumitsira chikulendewera kunja. Anachidumpha kanayi.

Pakamwa panga panatseguka kamodzi, ndikulumbira. Mawu anafika palilime. Ndiye anatembenuka, kamtengo kali m'mwamba, nkhope ikuwala ngati mwana wakhoza mayeso.

"Taona! Sungasiyanitse. Eti?"

Kunena zoona sunkasiyanitsa. Diso anali nalo mtsikana ameneyu. Pa masupuni ochepa chabe anaupeza mtundu umene ine ndinaulimbana nawo theka la tsiku.

"Sungasiyanitse," ndinatero.

Khoma la guluu silipakidwa ndi munthu mmodzi. Ukaima pang'ono, pamene unaimapo pamatsala mzere, choncho mmodzi amayenda m'mwamba wina m'munsi, mofulumira, osapuma. Anandipempha, ndinatsika. Ndinatenga burashi yaikulu n'kupaka ndi dzanja langa penti amene ndinkadziwa kuti ndi wolakwika. Ndinapaka bwino, mopanda mzere ngakhale umodzi. M'chipindamo munkazizira, makoma a miyala aja sataya chinyezi msanga, ndiye pamene tinkatsuka maburashi khoma linali likadali lakuda, lofanana ndendende ndi anga.

"Zikomo," anatero Apolline tikuvala majekete. "Ukudziwa, ndinkaganiza kuti umadana nane."

"Ndidane nawe chifukwa chiyani?"

"Kaya. Umatsuka maburashi ngati ukuwapha."

Anandipsompsona masaya onse awiri n'kuthamangira sitima yake.

Ndisaname kuti ndinavutika mumtima Loweruka ndi Lamlungu. Ndinadya kwa amayi anga, ndinawonjezera kawiri. Nkhani yonse ndinali nditaikonza kale m'mutu: bwana alowa, aona khoma layera, afunsa kuti zaka zinayi zija zinapita kuti. Alitsukitsa, andiuza ine ndisakanize, ndipo poti masiku atha, ati, Solène, nkhundazo jambula ndiwe. Sindinkaona ngati ndamulakwira munthu. Ndinamufunsa, anati akudziwa. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere.

Lolemba tinafika tonse atatu limodzi. Bwana anatsekula chitseko n'kuima pakhomo pomwepo.

Khoma linayera kuposa mmene ndinkaganizira. Kubiriwira konse kunathawa, kunangotsala kamtundu kotuwa mopepuka, kabuluu patalipatali, ngati mkaka wothira madzi. Makoma anga atatu pambali pake ankaoneka olemera ngati m'chipinda chosungira vinyo.

"Mayo," anatero Apolline. Anagwira pakamwa. "Ayi, ayi. Linali lofanana. Solène, unaona, linali lofanana!"

"Unaumitsa papepala?" anafunsa bwana. Tsaya linali litaphwa, mawu akumveka bwino kwambiri.

"Papepala?"

Bwana anatseka maso. Apolline makutu anafiira, kenako khosi lonse. Ine ndinayang'ana nsapato zanga kuti nkhope isandiulule. Pamenepo m'pamene tinamva makapu akugundana m'khonde.

Madame Rabouin analowa ndi thireyi ya khofi. Bwana anayesa kumutchinga ndi thupi.

"Madame, pachitika kavuto pang'ono, pofika mawa..."

"Tapatukani, Monsieur Thibaudeau."

Anaika thireyi pansi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa chipinda, pamene padzakhale bedi. Dzuwa la m'mawa linkalowa pazenera n'kugwera pakhomapo. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali moti ndinayamba kumumvera chisoni Apolline, pang'ono pokha.

"Uwu," anatero Madame. "Mtundu uwu ndi umene ndinkafuna."

"Madame?"

"Miyezi iwiri mwakhala mukundionetsa timapepala, ine osadziwa kuunena. Ndi uwu. M'chipinda cha agogo anga ku Chinon munali chonchi." Anatembenukira Apolline, maso ali ndi misozi. "Mademoiselle, munadziwa bwanji?"

"Madame, ndalakwitsa ine. Ndimafuna ufanane ndi enawa."

"Ndiye muzilakwitsa chomwechi tsiku lililonse, mwana wanga." Anazungulira n'kuyang'ana makoma anga, mphuno itakwinyika pang'ono. "Awa tsopano akundipanikiza. Chipinda chonse chikhale ngati ilo."

"Madame," anatero bwana mofatsa, "makoma atatuwa atha. Mtundu wa pansi uli kunsi kwa nthambi ndi mbalame. Sitingausinthe popanda kuchotsa zonse."

"Si munandiuza nokha kuti penti ameneyu ubwino wake amachoka ndi madzi?"

"Mbalame makumi awiri ndi zitatu!" Mawu anatuluka okha, ndipo anatuluka mokweza. "Masabata atatu ndili m'mwamba umo khosi litapindika, inu mukumwa khofi! Mtunduwu munasankha nokha, Madame, ndi chala chanu chomwecho!"

"Solène," anatero bwana.

Madame anandiyang'ana bwinobwino koyamba chiyambire ntchito. "Ndinasankha, inde. Ndasintha maganizo. M'chipinda muno ndizigonamo ndine, mtsikana iwe, osati mbalame zako." Anatola kapu yake. "Mujambulanso zina. Monsieur Thibaudeau, za masiku owonjezera tikambirana kunsi."

Atatuluka ndinamutembenukira bwana.

"Mukanakana! Mukanamuuza kuti sizitheka!"

"Ndikanakana akanakhala kuti akulakwa." Anali akuyang'anabe khoma la Apolline, mutu utapendekeka. "Zenera ili ndi laling'ono. Mtundu wathu uja unali wolemera. Ndinayenera kuona ndekha." Anapuma mozama. "Chabwino. Apolline, unathira zingati? Tikufuna mtundu womwewu ndowa zitatu, ndipo usaphonye ngakhale pang'ono."

Apolline anayang'ana ndowa yake yotsukidwa kale, n'kuyang'ana bwana.

"Sindinawerenge. Ndimangothira n'kumayerekeza."

"Sunalembe?"

"Ayi, bwana. Mwina asanu a wabuluu? Kapena atatu. Wakuda ndinathira, ndikukumbuka, koma..."

"Palibe kanthu," anatero bwana. "Diso uli nalo, tiupezanso."

Diso uli nalo. Munthu walakwitsa chinthu chimene ine ndinachidziwa sabata yanga yoyamba, sakudziwa n'komwe chimene anathira m'ndowa yake, wandigwetsera ntchito ya masabata atatu, ndipo bwana akumusisita pamsana.

"Anayi a wabuluu!" ndinakuwa. "Awiri a wachikasu, imodzi ndi theka ya wakuda, choko mpaka pamzere wachiwiri wa ndowa! Pofunika asanu ndi anayi a wabuluu iye anathira anayi! Diso lanji limenelo? Wa ku Paris wanuyo sadziwa ngakhale kuwerenga masupuni ake!"

Kunja galu wa Madame ankauwa njinga ya wamakalata.

Bwana anatembenuka pang'onopang'ono.

"Imodzi ndi theka," anatero. "Mpaka theka unaliona. Uli pamakwerero."

"Ndinamufunsa ngati akudziwa, anati akudziwa."

"Ine ndinakuuza chiyani ndikuchoka?"

"Anati khoma ndi lake!"

"Ndinakuuza chiyani, Solène?"

Apolline sanalire. Ndikanakonda akanalira kapena kunditukwana. Anangondiyang'ana, maso ali gwa.

"Unapaka nane," anatero motsitsa. "Mbali ya m'munsi yonse unapaka ndiwe."

"Ndiye bwanji? Zakuyendera, si choncho? Ukalakwitsa iwe, Madame akulira ndi chimwemwe. Ine ndikakhoza, akuti atsuke. Chilungamo chake chili pati pamenepa, bwana? Tandiuzani!"

"Chilungamo," anatero bwana. Anawerama, anatola ndowa n'kundipatsa, chinkhupule chili m'kati. "Ukanatsekula pakamwa Lachisanu, khoma ili likanafanana ndi ako. Madame sakanauona mtundu uwu mpaka kufa kwake, akanagona ndi mbalame zako zaka makumi awiri. Palibe wakuchotsera mbalame, mtsikana iwe. Katenge madzi ofunda."

"Ndipo zatsopano ajambula ndani?"

"Masiku atsala khumi ndi awiri. Iwe makoma awiri, Apolline awiri."

"Mukumupatsanso langa lina?"

"Ndikanakhala wina ndikanakupatsa chitseko, uzipita. Lemba masupuni ajawo papepala usanaiwale. Pa zimenezo zokha ndiye wathandiza."

Ndinapita kukhitchini ndowa ikugunda bondo. Madame anali pafoni, akuuza mnzake wina kuti wapeza kamtsikana ka ku Paris kodziwa mitundu modabwitsa, ndipo akamaliza kuno akatumiza kwa iye. Anandilozera mpope ndi chibwano osasiya kuyankhula.

Nditabwerera ndinapeza Apolline atakokera makwerero anga pakhoma la kuzenera. Anali atavala magolovesi, chinkhupule chake chili m'manja. Sanadikire kuti ndisankhe poyambira. Anaviika m'ndowa yanga, anafinya, n'kupukuta kamodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Nthambi yonse ndi mbalame ziwiri zinasanduka matope otuwa, n'kuyamba kutsetsereka.

"Ndikanatsuka ndekha," ndinatero.

"Khoma ili ndi langa tsopano, wamva bwana." Sanandiyang'ane. "Iwe yambira uko. Ndipo uyale pulasitiki kaye, madzi ako akuda asadonthere pa mtundu wa Madame."

Ndinayala pulasitiki, n'kukwera.